Sutikesi ya Yamikani Sinapite ku Dedza

Aleluya! Ambuye alemekezeke!

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata anzanga, ndikupatsani moni nonse m'dzina la Yesu. Ana a Sande sukulu kumbuyoko, ndakuonani. Khalani phee pang'ono chabe, tiyi sathawa.

Dzina langa ndine Tadala. Ambiri mumandidziwa kuti ndine mtsikana uja amaima kumapeto kwa kwaya chifukwa cha kutalika. Chaka chino ndikulemba mayeso a GCSE. Koma lero sindinaimirire za ine ayi. Ndaimirira za mchimwene wanga wamng'ono, Yamikani, amene kunyumba timamuitana Yami. Ndi uyo wakhala pakati pa amami ndi adadi, akubisa nkhope m'jekete. Ndinapempha chilolezo kwa adadi, anandilola. Ndinapemphanso kwa Yami mwini wake. Iye anati, "Unene zonse, koma usanene zoti ndinalira." Ndiye zimenezo sindinena.

Abale ndi alongo, ndiyambe ndi mmene zinthu zinalili.

Ine ndinabadwira ku Zomba. Amami anatsogola kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino, adadi anatsatira, ine ndinatsala kwa azakhali. Ndinatsala zaka zingapo. Amami anga ndinkawadziwira pa foni. Pofika kuno ku Leicester ndinapeza m'nyumba muli kamnyamata kakuthamanga kale, kakulankhula Chingerezi chokhachokha. Kanandiyang'ana, kenaka kanandipatsa basi yake ya chidole kuti ndigwire. Kuyambira tsiku limenelo ndi wanga.

Adadi kumudzi anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba, koma ambiri a inu mumawaitanabe kuti Aphunzitsi. M'nyumba mwathu ku Beaumont Leys masamu ali ngati mfunda. Ndi chinthu chathu. Ine masamu anandikonda, sindinavutike nawo. Adadi ankayenda mapewa ali m'mwamba. Mukudziwa funso lija timafunsana pa tiyi mapemphero akatha: "Nanga mwana wanu ali gulu liti kusukulu?" Akafunsa za ine, adadi ankayankha mokweza. Akafunsa za Yami, adadi ankapita kukathira shuga wina.

Yami si mwana wogona. Ayi ndithu. Mukamuuza nthano kamodzi, akubwezerani yonse ndi mawu a munthu aliyense. Amajambula mabasi a mu mzinda muno mpaka dalaivala wake mumuzindikira. Koma manambala! Manambala ankamuthawa. Mukamufunsa kuti chachikulu ndi chiti, eyiti ndi sikisi, ankayang'ana kudenga. Akawerenga zala, ankasochera pakati pa dzanja lake lomwe. Wotchi ya pakhoma kwa iye inali chithunzi chabe. Tsiku lililonse la sukulu m'mimba mumamupweteka, Loweruka muli bwino. Kenaka tinamva kuti ikafika nthawi ya masamu amakadzitsekera kuchimbudzi mpaka belu lilire.

Aphunzitsi ake anayesetsa, sindikuwanena. Koma ana m'kalasi ndi ambiri, ndipo kalasi siidikira munthu. Anatilangiza kuti akamuone katswiri. Katswiriyo atamuyesa anati vutoli lili ndi dzina, disikalikuliya. Anati mwanayu si wopusa, si waulesi. Ubongo wake sugwira manambala mmene ena amagwirira, ndiye afunika njira yake, pang'onopang'ono, ndi zinthu zogwira m'manja.

Tikutuluka, adadi anati, "Dziko lino chilichonse chili ndi dzina. Kwathu matenda amenewa timati ulesi, ndipo mankhwala ake timawadziwa."

Amami ndi amene anati basi, mwanayu atuluke kaye kusukulu, tiziphunzitsa tokha kunyumba. Malamulo a kuno amalola. Anati, "Sindingamasamale ana a eni kuchipatala wanga akufera m'chimbudzi cha sukulu." Adadi anavomera msanga. Anati, "Mphunzitsi ali m'nyumba momwemo. Miyezi itatu yokha." Anasintha mashifiti awo kuti azilowa ntchito masana, m'mawa aziphunzitsa.

Tsopano nkhani inali yosankha mabuku. Pulogalamu iti ya masamu? Ntchito yofufuza anandipatsa ine, chifukwa pa kompyuta ndine. Abale, ndinapeza kuti mapulogalamu alipo ochuluka ngati ngumbi, ndipo aliyense akudzitama kuti ndi iye. Ndinamva kuti makolo ophunzitsa ana kunyumba amakumana ku laibulale, ndinapitako. Mayi wina wa kuno, mwana wake ali ndi vuto ngati la Yami, anandibwereka bokosi kuti tikayese. Munali timitengo ta mitundumitundu, tatifupi ndi tatitali, makadi a madontho, ndi kabuku kopyapyala. Ndinanyamula bokosilo m'basi ngati ndanyamula mazira.

Adadi anatsegula. Anatulutsa kamtengo kamodzi kofiira, nakayang'ana.

"Tadala, ichi n'chiyani?"

"Ndi masamu, adadi."

"Masamu? Ife tinakwera ndege kuchoka ku Chileka kudzagula zidole? Mwana wa zaka naini azisewera ndi timitengo ngati wa ku mkaka?"

Anatseka bokosi. Anasankha okha pulogalamu ina ya mabuku akuluakulu. Atafika, anawanyamula m'manja, kuwayesa kulemera, namwetulira. Anati, "Eya. Buku la masamu lizilemera." Tsamba lililonse mafunso okhaokha, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo uziyankha foni ikuwerenga nthawi.

M'mawa uliwonse ndikamanyamuka kupita kusukulu ndinkasiya nyimbo yayamba. "Thuu taimusi thuu, folo! Thuu taimusi firii, sikisi!" Adadi akumenya tebulo ndi rula, Yami akutsatira. Ambiri muno munaimbapo nyimbo imeneyi, ndikuona mukumwetulira. Inu inakuthandizani. Yami ankaimba bwino ndithu, mawu ali nawo. Koma mukamudula pakati n'kufunsa kuti thuu taimusi folo ndi chiyani, ankayambiranso nyimbo pachiyambi, n'kusochera. Zimene waphunzira Lolemba, Lachiwiri palibe. Za Lachiwiri, Lachitatu palibe. Kunali kutunga madzi ndi dengu.

Foni ikalira kuti nthawi yatha, Yami ankadzidzimuka thupi lonse. Mpaka lero kabelu kameneko tinakachotsa m'mafoni onse a m'nyumba mwathu.

Amami anayesa ina ya pa kompyuta, ya tizilombo toimba ndi nyenyezi. Sabata ziwiri tinakondwa, nyenyezi zikuchuluka. Kenaka ndinakhala pambali pake n'kuona. Mnyamatayu ankangodina yankho lililonse mpaka kachilomboko kavine. Nzeru anali nazo, koma osati za masamu.

Miyezi itatu inatha. Ina itatu inathanso. Adadi anasiya kumenya tebulo. Anayamba kungokhala chete, ndipo kukhala chete kwa adadi n'koopsa kuposa rula. Yami anasiya kujambula. Anasiya nthano. Chinthu chimodzi chokha sanasiye, kutola zitsekerero za mabotolo. Zija zamalata, za zakumwa za m'mabotolo agalasi. Matumba ake ankadzaza nazo. Makina ochapira akayamba kulira kokoko, amami ankakuwa, "Yamikani! Zinyalala zako zindiphera makina!"

Ndiye kunabwera foni ya ku Dedza.

Adadi ali ndi akulu awo kumeneko, ndi ahedi pa sukulu ya pulayimale. Ife timawaitana bambo aakulu. Ndinamva ndi makutu anga, foni inali pa sipika. Anati, "Mukumulera ngati dzira mwanayo. Mtumizeni kuno. Chaka chimodzi chokha, abwerako atawongoka." Adadi anati, "Ndamva, achimwene." Amami analira, anakana, anatopa. Anali atagwira mashifiti ataliatali sabata yonse, analibe mphamvu zokangana. Zinagwirizanidwa kuti sukulu zikatsekera, Yami apita.

Adadi anatsitsa sutikesi yabuluu pamwamba pa wadirobu.

Abale ndi alongo, sutikesi imeneyo ndimaidziwa. Ndi imene amami ananyamula tsiku limene anandisiya ku Zomba. Ine ndimadziwa kukhala mwana wa pa foni. Ndimadziwa kudwala malungo uku ukuitana munthu amene ali kutsidya la nyanja. Koma ine ndinali kwathu, chilankhulo ndinali nacho, anzanga ndinali nawo. Nanga Yami? Chichewa amamva, koma kuyankha amangodziwa "zikomo" ndi "ndakhuta". Akafika kumeneko, m'kalasi ya ana ochuluka kuposa kuno, akathawira kuti?

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinamupeza kuchipinda atakhala pansi, sutikesi ili yotsegula. Anali atalongedza yekha. Palibe anamutuma. Munali zovala zogonera, zojambula zake zakale za mabasi, ndi sokosi imodzi yodzaza zitsekerero. Anandifunsa m'Chingerezi, mwakachetechete, "Tada, kumeneko ana opusa amawamenya tsiku lililonse, kapena masiku ena okha?"

Mwana wa zaka naini. Sanafunse kuti ndisapite. Anali atavomera kale kuti ndi wopusa. Ankangofuna adziwe ndandanda yake.

Pamenepo mpamene ndinafika pansi penipeni. Ndinalowa m'bafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve, ndinagwada. Pemphero langa silinali lokongola ngati la amayi a chigwirizano. Ndinangoti, "Ambuye, Inu munampanga mwanayu. Mutu wake mumaudziwa. Ngati khomo lilipo, tionetseni. Musalole sutikesi iyi indilandenso munthu." Sabata imeneyo ndinkasala nkhomaliro kusukulu. Anzanga ankati ndili pa dayeti.

Ndinkayembekeza chozizwitsa chachikulu. Mwina Yami adzuke m'mawa akudziwa matebulo onse ochulukitsa. Mwina adadi alote loto. Palibe chinachitika. Yankho linabwera m'sitolo, Loweruka masana, kudzera mwa munthu amene sapemphera nafe.

Ambiri mumawadziwa a Yusufu, amwenye aja a sitolo ya ku Evington kumene timagula ufa ndi usipa. Anabadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chimaposa changa. Tsiku limenelo adadi anati tipite tonse atatu, tikagule ufa, kenaka tidutse m'tauni akafunse za tikiti ya Yami.

Titangolowa, a Yusufu anakuwa, "Aphunzitsi! Mwasowatu. Ufa wafika, usipa wafika, koma chambo musandifunse, ndikhoza kulira." Kenaka anawerama pansi pa kauntala. "Bwana Yami, katundu wanu uyu. Ndakusungirani."

Inali pepala bagi yodzaza zitsekerero. Ife sitinkadziwa kuti amamusungira. Yami analandira ndi manja awiri, koma pepalalo linali lonyowa pansi. Linang'ambika. Zitsekerero zinamwazika sitolo yonse, zina kugubuduka mpaka pansi pa firiji. Anthu anatembenuka.

Adadi nkhope inagwa. "Taona manyazi awa! Mnyamata wamkulu ngati iwe kumatola zinyalala. Masamu akukukanika, koma izi ndiye ukatswiri!"

A Yusufu anagwira m'chiuno. "Zinyalala? Aaa, Aphunzitsi, musandikhumudwitse. Sitolo ya bambo anga ku Limbe, sukulu zikamatsegulira, ana ankaima pamzere pakhomo. Osati kudzagula. Kudzapempha zimenezi! Aphunzitsi awo awauza kuti aliyense abwere ndi zowerengera zake. Ena timitengo, ena miyala, koma wa zitsekerero ndiye anali bwana. Ine ndinkasinthanitsa ndi mango." Anaseka. "Kapena inu Sitandade 1 munawerengera kompyuta?"

Mayi wina wa ku Zambia amene ankasankha kapenta anaseka mpaka kugwira shelufu. Anati, "Na ise ku Chipata chimodzimodzi!"

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ku Zomba azakhali anandiika pa sukulu ya pulaiveti, tinkawerengera zithunzi za m'buku. Ndinayang'ana adadi kuti ndione ngati akwiya. Sanakwiye. Sanasekenso. Anawerama, natola chitsekerero chimodzi. Anachitembenuza. Anayamba kukanda mkati mwake ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, ngati dzanja likuchita lokha. Kenaka anagwada pansi, ndi thalauza lawo la bwino lija, n'kuyamba kuthandiza Yami kutola.

Tinakwera basi. Titafika m'tauni ndinaimirira kuti titsike, tipite za tikiti zija. Adadi anati, "Tiyeni tizipita kunyumba." Tinakwera ina. Anakhala pampando, thumba la ufa lili pamiyendo. Kenaka anayamba kulankhula, maso ali pa windo.

Anati, "Zanga zinali pa waya. Anandiboolera ndi msomali achimwene, omwewa a ku Dedzawa. Ndinkavala m'khosi popita kusukulu." Anapitiriza kuti, "Anzanga anataya zawo Sitandade 2. Ine sindinataye. Ndinkabisa mkati mwa malaya mpaka Sitandade 5. Aphunzitsi akafunsa funso, ine dzanja m'malaya, ndikukankha. Tsiku limene anandigwira anandikwapula pamaso pa kalasi yonse. Ndinakazitaya m'chimbudzi. Sindinazikumbukenso mpaka lero."

Yami anandikoka dzanja. "Akuti chiyani?" Ndinamumasulira. Anawayang'ana adadi ngati akuona munthu wachilendo. Anafunsa, "Inuyo? Munkabisa?"

Adadi anati, "Ineyo."

Titafika kunyumba sanavule ndi jekete lomwe. Analowa kuchipinda, anatuluka ndi hang'ala ya waya. Amami anakuwa, "Imeneyo ndi ya yunifolomu yanga!" Adadi anati, "Mayi a Tadala, ndikugulirani khumi." Anaiwongola ndi pulayala. Anakhala pa sitepe ya kuseri ndi msomali ndi hamala. Kho! Kho! Kho! Yami ndi amene ankasankha zoti ziboolewe, ndipo poti ndi wojambula, sakanalola mitundu isakanikirane. Anaika zofiira zisanu, kenaka zobiriwira zisanu.

Adadi anapinda waya kumapeto. Anati, "Ndipatse seveni."

Yami anayamba monga mwa masiku onse, chimodzichimodzi. Wani, thuu, firii. Pofika pakati anasokonezeka, mapewa anakwera, akudikira kukalipiridwa.

Adadi anati, ndi mawu amene sindinawamvepo pa tebulo lija, "Usawerenge. Kankha zofiira zonse pamodzi. Ndi zingati?"

"Faifi."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinaika ndekha."

"Chabwino. Onjezera zobiriwira ziwiri. Imeneyo ndiyo seveni. Iyang'ane. Igwire."

Yami anayang'ana. Anagwira. Anati, "Ndiye seveni ndi zofiira zonse ndi ziwiri?"

"Eya."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

"Ngakhale mawa?"

Abale anga! Ngakhale mawa! Pamenepo mpamene ndinamvetsa mmene mwanayu ankakhalira. Kwa iye manambala ankasintha usiku. Ankadzuka m'mawa n'kupeza onse asamuka. Palibe anamuonetsapo nambala imene imakhala pamalo pake.

Adadi anati, "Ngakhale mawa, mwana wanga. Ukaipeza pompo."

M'mawa mwake, Lamulungu, tikukonzeka kubwera kuno, Yami anatsika masitepe waya uli m'khosi pamwamba pa shati yoyera. Palibe anamufunsa. Anakankha yekha n'kunena, "Adadi, ikadalipo. Seveni." Amami anakhala pansi pa sitepe ndi nsapato imodzi m'manja. Amene analira tsiku limenelo si Yami, ndiye ndikhoza kunena.

Aleluya!

Madzulo ake adadi anandiitana. Anakanda m'mutu. Anati, "Tadala, kabokosi kaja ka zidole. Mayi aja angatibwerekenso?"

Ndinati, "Kati, adadi? Kaja tinakwerera ndege?"

Anati, "Iwe, usandiyese."

Ndinakatenga. Ulendo uno adadi anawerenga kabuku kopyapyala kaja tsamba ndi tsamba, pensulo ili m'manja, ngati mphunzitsi weniweni. Anapeza kuti njira yake ndi yomweyo. Mwana ayambe wagwira chinthu m'manja. Kenaka achijambule. Nambala yolemba ibwere pomaliza. Palibe wotchi. Palibe kupita patsogolo mpaka chimene waphunzira chikhazikike, ndipo zakale uzibwererako kawirikawiri kudzera m'masewera. Atamaliza anatseka n'kunena, "Amene analemba izi ayenera kuti anaphunzirapo pansi pa mtengo." Tinaitanitsa bokosi lathu. Mabuku olemera aja tsopano akuchirikiza mwendo wa bedi langa umene unathyoka. Akugwira ntchito yabwino.

Adadi anaimbira ku Dedza. Ndinkaopa kuti bambo aakulu akwiya. Atamva nkhani ya waya anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe! Unkalira m'khosi ngati mbuzi ya belu! Ndiye mwana watengera iwe, ukumunamizira ulesi?" Kenaka anati, "Musiye konko. Koma adzabwere patchuthi, adzaone kwawo." Zimenezo tavomera. Adzapita ndi tonse, ndipo adzabwerera ndi tonse.

Tsopano ndisakunamizeni, chifukwa ndaima pamalo oyera. Yami sanasanduke katswiri wa masamu. Vuto lija likadalipo, ndipo akuti lidzakhalapo. Anzake a msinkhu wake ali patsogolo. Matebulo ena sakuwadziwabe. Masiku ena zimavuta, timitengo timauluka, adadi amatuluka panja kukapuma mpweya. Koma chimene wagwira, wagwira. Amaphatikiza, amachotsera. Wayamba kuchulukitsa poyala zitsekerero m'mizere. Wotchi akuidziwa theka ndi ola. M'mimba munasiya kupweteka. Akujambulanso, ndipo nthano zabwerera, mwina zachuluka kwambiri. Mayi wa ku khonsolo amene anabwera kudzaona mmene tikuphunzitsira anapempha kuti ajambule waya uja pa foni yake.

Mipando imene mwakhalirayi, mukudziwa anayala ndani? Kwa mwezi wathunthu tsopano, a dikoni amamuuza Yami chiwerengero cha anthu amene tikuyembekeza. Iye amakhala pakona ndi waya wake, amapeza kuti mizere ikhale ingati, n'kuyamba kukoka mipando. Alipo amene waima chifukwa chosowa pokhala? Palibe. Ndi mchimwene wanga ameneyo!

Makolo anzawo a amami ndi adadi, ndine mwana, mundikhululukire ngati ndikulumpha malire. Ena munatiuza kuti mwanayu akufunika kumasulidwa. Munanena mwachikondi, ndipo mapemphero anu tinawalandira. Koma Yami sanali womangidwa. Ngati muli ndi mwana amene m'mimba mumamupweteka masiku a sukulu okha, musathamangire kunena kuti ulesi. Musathamangire sutikesi. Ndipo posankha mabuku musayese kulemera kwake. Khalani pansi ndi mwanayo, muone chimene dzanja lake likugwira. Mwina inunso munali ndi waya wanu umene munauiwala.

Sabata yatha, pa tiyi, ndinamva bambo wina mlendo akufunsa adadi funso lathu lija. "Nanga mnyamatayu ali gulu liti kusukulu?" Ndinayang'ana kuti ndione ngati apita kukathira shuga. Sanasunthe. Anaika dzanja pamutu pa Yami, nayankha mokweza, mawu omwe aja ankayankhira za ine. Anati, "Ali m'kalasi mwanga. Ndipo ndi wophunzira amene wandiphunzitsa kwambiri."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'bafa, mpopi uli wotsegula. Ndikuthokoza amami, amene anaimirira poyamba kuti mwana wawo asafere m'chimbudzi. Ndikuthokoza adadi. Si bambo aliyense angagwade m'sitolo pamaso pa anthu n'kudzuka atasintha maganizo. Ndimanyadira kukhala mwana wanu. Mayi a ku laibulale aja, ndi a Yusufu amene mpaka lero akuti tili nawo ngongole ya mango, Mulungu awakumbukire. Ndipo iwe Yami, tulutsa nkhope m'jeketemo. Sunali wopusa tsiku ndi limodzi lomwe.

Sutikesi yabuluu ija sinabwerere pamwamba pa wadirobu. Ili pabalaza, pafupi ndi tebulo. Ndi mmene timasungira timitengo, makadi, ndi zitsekerero zonse. M'mawa uliwonse ndikamanyamuka kupita kusukulu, ndimamva zipi yake ikutseguka. Kale phokoso limenelo linkatanthauza kuti wina akuchoka. Lero limatanthauza kuti kalasi yayamba, ndipo tonse tilipo.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.